Part-time ya madamu a ku Bangula: ndalama yanga sinapite pachabe, koma ndili ndi madandaulo awiri

Anthu angapo akhala akundifunsa kumsika ndi kutchalitchi ngati n'koyenera kutumiza mwana ku part-time ya Chichewa ndi Chingerezi imene madamu ena amaphunzitsa kuno ku Bangula nthawi ya holide. Ndaona kuti ndilembe kamodzi, aliyense awerenge yekha. Dzina la madamuwo sinditchula, eni dera akuwadziwa kale. Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma pantchito, ndipo amene ndinamulipirira ndi mwana wa malemu mlongo wanga, mtsikana amene ndikumulera kuchokera pamene madzi a namondwe wa Freddy anawasamutsa ku Makhanga mu Malichi 2023. Pano ali Fomu 4 pa CDSS ina yapafupi.

Mwanayu JCE anakhoza bwino, ndipo masamu ndi sayansi sizimuvuta. Koma mukamuuza kuti alembe chimangirizo, amangoti maso tong'o papepala. Notsi ankaloweza ngati nyimbo ya kwaya, mukamufunsa tanthauzo la zimene walowezazo, zii. Zinkandisowetsa tulo chifukwa pa MSCE mwana akalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale maphunziro enawo atakhoza ndi 1 kapena 2. Magiredi amayambira 1 kulekeza 9. Wapeza 9 walephera, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo kirediti imayambira pa 6. Poti mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, Chichewa nachonso si phunziro lolitaya.

Ndinalipira K20,000 ya masabata anayi mu holide ya Ogasiti, Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 10. Amaphunzirira m'kachipinda ka tchalitchi china, ka malata, kopanda siling'i. Tsiku loyamba ndinapempha kuti ndikhale nawo kumbuyo ndione kumene ndalama yanga ikupita. Madamu sanakane. Anangoti, "Khalani bambo, koma aliyense wolowa muno amawerenga, nanunso ndikupatsani yanu." Ndinakhala nawo masiku asanu ndi limodzi m'mweziwo, ndiye zimene ndikulembazi ndinaona ndi maso anga.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'choti pabolodi panalibe notsi zokopera. Madamu ali ndi katoni ya nkhani zodula m'nyuzipepala zakale, zachingerezi ndi zachichewa monga za mu Tamvani ndi Boma Lathu, zomatidwa pa makatoni kuti zisang'ambike. Amalemba mutu wokha pabolodi n'kufunsa kuti, "Nkhani ya mutu uwu ingakambe zotani?" Ana akaponya maganizo awo, ndiye amawagawira nkhaniyo kuti awerenge chamumtima mphindi khumi. Kenako aliyense amatembenuza katoni yake chafufumimba n'kuuza mnzake zimene wawerenga m'ziganizo zitatu basi. Wopitirira zitatu amabwereza. Poyamba ndinkaona ngati masewera, koma ndinazindikira kuti uku ndiye kufupikitsa nkhani kumene kumabwera pamayeso, kungoti akuyamba ndi pakamwa asanagwire cholembera. Mawu ovuta salola kuti mwana athamangire ku dikishonale, imene ziliponso ziwiri zokha. Amayamba wayerekeza tanthauzo poona chiganizo chonse, ndipo akalipeza amalilemba kumapeto kwa kope lake pamodzi ndi chiganizo chopanga yekha.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi ochokera kumtunda ambiri sachimvetsa akabwera kuno kuchigwa. Ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chisena, ena Chimang'anja, ndiye Chichewa cha m'buku kwa iwo n'chophunziranso, Chingerezi n'kukhala chachitatu. Mnyamata wina wa ku Tengani analemba m'chimangirizo chake kuti "ndisafuna kukhala dokotala". M'Chisena ndiye kuti akufuna. Anzake ena anayamba kuseka, madamu n'kuwaletsa ndi dzanja. Anamuuza kuti, "Mwanawe, Chisena chako chilibe cholakwa. Koma wochonga wa MANEB akawerenga apa amva ngati udokotalawo sukuufuna." Anajambula mzere pakati pa bolodi, mbali ina n'kulemba pinthu, nkhabe, takhuta, ndisafuna, mbali inayo zinthu, ayi, zikomo, ndimafuna, ndipo ana eni ake anawonjezera mawu ena mpaka bolodi kudzaza. Ine m'masiku anga mwana akayankhula chinenero cha kwawo m'kalasi ndinkamupatsa chibalo chosesa, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikumuthandiza. Nditaona mnyamata uja akukweza mkono kawirikawiri tsiku lomwelo, mtima unandipweteka pokumbukira ana amene ndinawatseka pakamwa.

Pa kulemba ndi pamene ndinaona phindu lenileni, ndiye ndikhalitsepo. Sabata yoyamba anawapatsa mutu wodziwika uja wa tsiku limene sindidzaiwala. Mtsikana wanga analemba tsamba limodzi ndi theka la zoloweza: kunacha bwino, mbalame zinkaimba, kenako kunachitika ngozi ya basi imene iye sanaionepo chibadwire. Anathiramo miyambi inayi yosagwirizana n'komwe ndi nkhaniyo, chifukwa anamva kuti miyambi imabweretsa malikisi. Madamu sanadzaze pepalalo ndi inki yofiira. Pansi analemba funso limodzi: "Kodi iweyo unali kuti?" Mawa lake anamuitana n'kukhala naye pabenchi. Ndinali pafupi, ndinamva. Anamufunsa za tsiku limene iye mwini sadzaliiwala, mwana n'kunena motsitsa mawu kuti ndi usiku wa madzi. "Madzi anafika pati?" Anati anafika pazenera. "Unanyamula chiyani?" Anati ndowa imene munali makope ake ndi ufa pang'ono, ataisenza pamutu. "Unamva chiyani mumdimamo?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati mbuzi zinkalira m'khola koma panalibe wokazimasula. Madamu anangoti, "Kalembe zimenezo. Uyambire pa mbuzipo."

Usiku umenewo analemba pa tochi mpaka ndinachita kumuuza kuti akagone. Chimangirizo chachiwiricho chinali ndi zolakwa zambiri za kalembedwe, koma munthu ukachiyamba sungachisiye. Ndipo apa m'pamene madamu anayamba kumuphunzitsa za chiyambi, thunthu ndi mathero, za kuti ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi, za malo oika mpumiro ndi mpatuliro. Anachilemba katatu. Ulendo wachinayi anachilemba m'Chingerezi, ndipo poti nkhani anali nayo kale m'mutu, nkhondo inatsala ya mawu ndi ma tense okha. Kunyumba kuno nkhani ya usiku umenewo anali asanandifotokozerepo. Nkhani yonse ndinaidziwa koyamba poiwerenga m'kope.

Lachisanu lililonse kumakhala mtsutso. Umene ndinaonerera unali woti kodi anthu okhala m'madambo a Shire asamukire kumtunda kapena ayi. Kuno imeneyo si nkhani ya m'buku. Ana amenewa anaona madzi a 2015 ali aang'ono, a namondwe wa Idai mu 2019, a namondwe wa Ana mu 2022, kenako Freddy, ndipo ena anagonapo m'makalasi a sukulu zimene zinasanduka misasa. Gulu lina linkati moyo ndi wofunika kuposa munda. Linalo linkati kumtunda kulibe dimba, chimanga ndi mbatata za m'chilimwe zimachokera m'dothi lomwe madziwo amasiya, nanga manda a makolo asiyire yani? Lamulo la madamu n'loti usanayankhe mnzako, uyambe wabwereza mfundo yake mpaka iye avomere kuti wamumva bwino. M'magulu amaloledwa kukambirana m'chinenero chilichonse, koma woimirira kutsogolo amayankhula Chingerezi. Lolemba lotsatira mtsutso womwewo umasanduka chimangirizo cha mtsutso, aliyense n'kulemba mbali imene sanaiikire kumbuyo.

Kachongedwe kawo kali ndi zizindikiro zochepa zimene ana anazikopera tsiku loyamba: china cha sipelo, china cha tense, china chosonyeza kuti apa payambike ndime ina. Madamu amangoika chizindikiro m'mphepete, kukonza n'kwa mwana. Malikisi amabwera pa ntchito yolembedwa kachiwiri, osati yoyamba. Nthawi zina ana amasinthana makope n'kuchongerana, ndipo aliyense amayenera kuuza mnzake chinthu chimodzi chabwino ndi chimodzi choti akonze. Makolo ena anadandaula kuti talipira kuti achonge ndi madamu, osati ana anzawo. Ine pamenepo sindikugwirizana nawo, chifukwa mwana wanga anayamba kuona zolakwa zake atazolowera kuziona m'kope la mnzake.

Tsopano madandaulo anga. Loyamba ndi kuchuluka kwa ana. Tinayamba ndi ana osapitirira makumi awiri, koma mbiri itamveka, pofika sabata yachitatu anali pafupifupi makumi anayi m'kachipinda komwe kaja. Njira imeneyi imafuna kuti mphunzitsi akhale pansi ndi mwana mmodzimmodzi, ndipo munthu mmodzi sangakwanitse zimenezo kwa ana makumi anayi. Makope amene poyamba ankabwerera mawa lake anayamba kutenga masiku anayi. Pa mtsutso anyamata olimba pakamwa ndi amene ankamveka, atsikana ena ofatsa kumbuyo mwezi unatha osaimirirapo. Mwana amene analowa sabata yachitatu analipira ndalama yofanana ndi yanga koma sanalandire zimene wanga analandira, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Ndinawauza madamu maso ndi maso kuti aike malire, kapena agawe ana m'magulu awiri, la m'mawa ndi la madzulo. Holide ya Disembala kuno kumatentha moti pansi pa malata amenewo ana makumi anayi sangapirire kufika 10 koloko.

Dandaulo lachiwiri ndi nthawi. Mwezi wonse ana sanalembepo mayeso ngakhale amodzi oyang'ana wotchi, ndipo mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo anangowagwira kawiri. Kulemba chimangirizo katatu kumaphunzitsa, koma m'chipinda cha mayeso mulibe kachiwiri. Sukulu itatsegulidwa, pa mayeso oyamba a Chingerezi mtsikana wanga analemba chimangirizo chabwino chimene aphunzitsi ake anachiwerenga pamaso pa kalasi, koma gawo lomaliza la pepala sanalimalize chifukwa nthawi inamuthera akukonzabe chiyambi. Mabuku a literature nawonso sanawakhudze mokwanira, ndipo mwana amene alibe lakelake ankangodalira kumvetsera.

Choncho amene mwana wanu watsala ndi masabata ochepa kuti alembe MSCE ndipo mukufuna womulozera mafunso obwerabwera, kumeneku sikumuthandiza msanga. Koma wa Fomu 2 kapena Fomu 3, kapena amene wangolowa Fomu 4, makamaka amene amaloweza koma osatha kufotokoza, mutumizeni, ndipo mukalembetse sabata yoyamba malo asanadzaze. Mumugulire makope awiri a masamba ambiri, chifukwa limodzi limatha msanga, ndi botolo la madzi akumwa.

Ine ndalipira kale ya Disembala. Nditakapereka ndalamayo ndinabwerezanso nkhani ya wotchi ija, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka lililonse m'mawa ana azilemba pepala lathunthu, ine n'kumawayang'anira ndi kuwasungira nthawi kuti madamu apeze mpata wochonga. Za malire a chiwerengero cha ana anati aganizapo, sanandiyankhebe.