Loyayo ntchito amaidziwa, koma kalaliki wake akanatimangitsa

Ofesi ya loya yomwe inayimira mng'ono wanga pa mlandu ndaipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Ziwiri ndachotsazo ndi za kalaliki wa ofesiyi.

Mng'ono wanga anamangidwa chifukwa cha foni yomwe anagula kwa munthu wina pa Facebook. Foniyo inali yobedwa, ndipo apolisi anaitsata ndi nambala ya IMEI, ija ya manambala 15 imene imatuluka ukaimba *#06#. Anamutsegulira mlandu wolandira katundu wobedwa. Ndinafuna loya wapafupi chifukwa wakutali umamulipirira ndi mayendedwe omwe, komanso makhoti a m'deralo sawadziwa bwino. Ena amene ndinawaimbira ananena mosabisa kuti iwo amagwira za malo, za makampani ndi za chuma chamasiye, milandu yaupandu ayi. Ofesi iyi ndiyo inavomera. Fayilo satsegula usanapereke theka la mtengo wawo.

Tsiku loyamba kukhoti mayi loya anali ndi mlandu wina kwina, ndiye anatuma kalaliki kuti akadziwitse khoti kuti afika mochedwerapo. Anamutuma zokhazo basi. Koma bambo ameneyu, jekete lili pathupi, fayilo m'khwapa, anapita pabenchi pomwe anakhazika oimbidwa milandu n'kuyamba kumunong'oneza mng'ono wanga. Ndinamva ndi makutu angawa: "Iwe, foni anakupeza nayo, ukana chiyani? Ungovomera, akulipitsa chindapusa, lero lomwe ukagona kwanu." Mwanayo anali atagona m'chitokosi, osasamba, nsapato zopanda zingwe, maso atafiira. Munthu wotero ukamuuza kuti lero akagona kwawo, avomera chilichonse. Anagwedeza mutu kuvomera. Aliyense pamalopo ankamutenga kalalikiyo ngati loya, ndipo iye sanatsutse. Nditamufunsa kuti, "Bambo, kodi mawu amenewa achokera kwa aloya?" anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, milandu ngati iyi ndaiona yambiri, musandiphunzitse ntchito." Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwira. Munthu ndamulipira kuti ateteze m'bale wanga, iye ndiye akumukankhira kundende, komanso akundinyoza pagulu.

Ndinatuluka panja n'kuimbira loyayo mwachindunji. Anangoti, "Muuzeni asanene kanthu kufikira nditafika." Anafika akuthamanga, mlandu usanaitanidwe, ndipo mng'ono wanga anaukana.

Apa ndiye mkwiyo wanga unayamba kutsika, chifukwa mayiwa atakhala nafe pansi anatimasulira zinthu zomwe kalaliki uja anatibisira kapena sazidziwa n'komwe. Ukavomera mlandu, khoti limakupeza wolakwa pomwepo popanda boma kubweretsa mboni. Chilango amagamula ndi woweruza yekha, palibe loya kapena wapolisi angakulonjeze kuti chikhala chindapusa. Mbiri yoti unapezeka wolakwa imakutsatira pofunsira ntchito ndi popempha chilolezo cholowera m'mayiko ena, ndipo kuchita apilo pa mlandu womwe unavomera ndi pakamwa pako n'kovuta kwambiri. Anatiuzanso kuti pa mlandu uwu kupezeka ndi katunduyo sikokwanira. Boma liyenera kutsimikizira khoti, popanda chikayiko chomveka, kuti munthuyo ankadziwa kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti katunduyo ngobedwa. Woimbidwa mlandu si amene amasenza udindo woonetsa kuti ngosalakwa.

Chimene ndinawakondera n'chakuti sanatinyengerere. Ananena poyera kuti ngati foni inagulidwa pamtengo wotsika modabwitsa, kapena itangobedwa kumene, khoti likhoza kuona kuti wogulayo ankadziwa, makamaka akalephera kufotokoza bwino momwe anaipezera. Choncho anamuuza mng'ono wanga kuti asonkhanitse mauthenga onse omwe analemberana ndi wogulitsayo, chithunzi cha malonda aja, ndi umboni wa ndalama zomwe anatumiza pafoni. Zinapezeka kuti analipira mtengo woyandikira wa foni yogwiritsidwapo kale ntchito ya mtundu umenewo, ndipo mlandu wonse unadzatsamira pamenepo.

Panalinso sitetimenti yomwe anasainira kupolisi osaiwerenga. Mayiwa anamukalipira ngati mwana wawo, kenako anamufotokozera kuti munthu ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopempha loya asanayankhe mafunso okhudza mlanduwo. Anatchula pangano la United Nations la 1966 la ufulu wa anthu ngati nzika ndi pa zandale, lomwe gawo 14 limati munthu atengedwe kuti ngosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndiponso asakakamizidwe kuvomera mlandu. Gawo 9 la pangano lomwelo limati womangidwa apite naye kwa woweruza mwachangu, ndipo kusunga anthu m'ndende podikira mlandu kusakhale chizolowezi. Mfundo imeneyi anaigwiritsa ntchito popempha belo, pamodzi ndi zoti mnyamatayo ali pantchito, ali ndi pokhala podziwika, ndipo sanapalamulepo. Belo anapatsidwa. Anatichenjeza kuti belo si kutha kwa mlandu, ndipo akangojomba tsiku limodzi kukhoti amugwiranso, omuyimira pa belo nawonso alowa m'mavuto.

Abale ena ankafuna tipite kwa mwini foni tikamupepese ndi ndalama kuti athetse nkhaniyo. Loyayo anakana kwamtuwagalu. Anati mlandu waupandu ndi wa boma, wodandaula amangokhala mboni, ndipo kumutsatira kunyumba kukhoza kuoneka ngati kusokoneza mboni, belo n'kulandidwa. Tsiku lina ananditulutsa m'chipinda kuti alankhule ndi mng'ono wanga awiriwiri. Zinandiwawa, poti ndalama ndinkatulutsa ndine. Anandiyankha mwaulemu kuti amene akumuyimira ndi woimbidwa mlanduyo, ndipo zomwe amauza loya wake ali awiri lamulo limazisunga mwachinsinsi, pomwe ine boma likhoza kundiitana ngati mboni.

M'khoti ndi momwe ndinaonera kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Wapolisi wofufuza atamaliza umboni wake, mayiwa anaimirira modekha n'kumufunsa ngati mng'ono wanga anapereka nambala ya wogulitsa tsiku lomwe anamangidwa. Anavomera. Kodi munaitsata? Ayi. Kodi mauthenga a pafoni munawawerenga? Ayi. Kodi mukudziwa mtengo womwe analipira? Wapolisiyo anatsegula fayilo yake, n'kuitsekanso. Sanakuwe mayiwa, sananyoze munthu, mafunso afupiafupi okhaokha. Boma litatseka umboni wake, anapempha khoti ligamule kuti palibe mlandu woti mnyamatayo ayankhe, ndipo khoti linagwirizana nawo. Anamasulidwa osafunikanso kuima m'bokosi kudziteteza.

Komabe ofesiyi ili ndi matenda. Foni ya ku ofesi sayankha. Mlandu utasunthidwa tsiku palibe anatidziwitsa, tinakamvera kukhoti komweko mng'ono wanga atapempha kale tchuthi kuntchito. Ndalama zowonjezera za tsiku lililonse lomwe loya waonekera kukhoti sanazitchule pachiyambi, zinangotulukira pa bilu. Risiti umachita kuipempha ngati ukupempha ngongole. Za kalaliki uja ndinawauza mayiwa maso ndi maso. Nkhope yawo inasintha, anapepesa, ndipo anati alankhula naye. Iye mwiniwake sanapepese, ndipo akadali pampando womwewo akulandira anthu ena amene abale awo ali m'chitokosi.

Ngati muli ndi mlandu waupandu, pitani kwa mayiwa, ndikuwavomereza ndi mtima wonse. Koma tengani nambala yawo yeniyeni, pemphani mgwirizano wolembedwa wonena zomwe malipirowo akukwanira, ndipo wina aliyense wa mu ofesimo akakuuzani zoti mukanene kukhoti, funsani kaye ngati ali ndi chiphaso cha uloya. Ndalama ya chikole ya belo sitinaibwezeredwe mpaka pano, chifukwa kalata yokaitengera ili pa tebulo la kalaliki yemweyo.