A32NX ya FlyByWire: ndege yaulere, koma ili ndi eni ake

Nyenyezi 4 pa 5. Ndakhala ndikuiulutsa kwa zaka ziwiri, makamaka Loweruka usiku ana akagona.

Kwa amene simukuidziwa: Microsoft Flight Simulator, gemu ya pa kompyuta yoyerekezera kuyendetsa ndege imene inatuluka mu Ogasiti 2020, imabwera ndi Airbus A320neo yakeyake, koma mabatani ambiri m'chipinda cha woyendetsa ndi okongoletsa chabe. Gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa FlyByWire Simulations linatenga ndege imeneyo n'kuyamba kuikonza chimodzichimodzi, mpaka inasanduka ina. Dzina lake ndi A32NX. Simulipira ngakhale tambala. Mumatsitsa installer yawo, iyo n'kuika ndegeyo mu foda ya Community, basi.

Ulendo wanga wa nthawi zonse ndi wochoka pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku OR Tambo ku Johannesburg. Ndimayamba ndege ili chete, zonse zozimitsa. Ndimayatsa mabatire, kenako APU (kainjini kothandizira ka kumchira), n'kutembenuza timakono titatu ta ADIRS, makina ouza ndege pamene ili. Apa pamafunika kudikira mphindi zingapo kuti ndege idziwe pamene ili, monga zimakhalira pa yeniyeni, ngakhale pali posankha kuti zichitike msanga ngati mwathamangidwa. Podikirapo ndimakoka pulani ya ulendo kuchokera ku SimBrief, webusayiti yokonzera maulendo a ndege, kudzera pa ka tabuleti ka pambali kotchedwa flyPad, ndimathira mafuta, ndimakweza anthu. Poyatsa mainjini pamamveka phokoso lija la pampu ya mahayidiroliki yotchedwa PTU, longa galu akuuwa pansi pa mipando. Tsiku loyamba mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo kufunsa kuti galuyo ndi wa ndani. Aliyense amene anakwerapo Airbus amalidziwa phokosolo, ndipo anthuwa anavutikira kuliikamo. Ukanyamuka pa msewu 14, ndege imamvera dzanja mofatsa, ndipo ukaikokera mopyola malire imakana yokha, monga Airbus inapangidwira.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa ndi yolemera. Kompyuta yanga si yamphamvu, ndipo pofika pa bwalo lalikulu zithunzi zimayamba kudukiza. Komanso mukasankha mtundu wa Development, umene akadali kuukonza, zosintha zimabwera pafupipafupi, bandulo n'kumatha osaona kumene yapita. Ine ndinabwerera ku Stable, mtundu wokhazikika. Malangizo awo ndi abwino kwambiri koma ndi aatali, ndipo popanda kuwawerenga simufika kutali ndi MCDU, kakompyuta kolembapo njira ya ulendo.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi china. Mwezi watha ndinapita ndi mphwanga pa kashopu kena m'tauni kamene amaika magemu pa fulashi. Pa mndandanda wa pakhoma panali A32NX, pambali pake mtengo. Ndinafunsa mnyamata wa pamenepo ngati akudziwa kuti ndege imeneyi ndi yaulere. Anati akudziwa, koma iye anawononga bandulo potsitsa. Ndinamumvetsa, poti intaneti kwathu kuno si yotchipa, ndipo nanenso ndinakoperapo anzanga zinthu pa fulashi. Koma mtima unandiwawabe. Fayilo imene ankagulitsayo inali yakale, ataiphatikiza ndi utoto wa ndege wa anthu ena osiyanasiyana, ndipo timakalata ta readme, mmene opanga amalembamo mayina awo ndi zofuna zawo, anali atatichotsa tonse.

Eni ake a A32NX ananena poyera zimene amalola. Mapulogalamu ake ali pansi pa laisensi ya GPLv3: ukhoza kuwatenga, kuwasintha, kuwagawa, bola nawenso uonetse poyera zimene wasintha ndipo usatseke chitseko chimene unapeza chotsegula. N'chifukwa chake gulu la Headwind linatha kumanga A330-900neo yawo pa maziko omwewo. Koma zojambula za 3D zimene anapanga okha zili pansi pa CC BY-NC 4.0, kutanthauza kuti utchule mwini wake ndipo usachitire malonda. Ndiye kumugawira mnzako n'kololedwa, koma kuikapo mtengo ndi kufufuta mayina ayi. Palinso vuto lina limene mnyamatayo sankaliona. Wogula fayilo yakaleyo ikamuvuta, sabwerera ku shopu. Amapita pa Discord ya FlyByWire, malo awo ochezerapo pa intaneti, kukadandaula, ndipo munthu wongodzipereka, amene wangoweruka kumene kuntchito kwake, amataya madzulo ake kufufuza vuto limene anakonza kalekale.

Nkhani ya utoto ndiye inandikhudza ine mwini. Ndinatsitsa utoto wina wokongola wopangidwa ndi munthu wa ku Ulaya, ndinausintha mchira n'kuikapo dzuwa lofiira la mbendera yathu. Zinanditengera masabata awiri ndipo zinaoneka bwino zedi. Ndinafuna kuuika pa intaneti kuti anzanga autenge. Nditatsegula readme ndinapeza kuti mwini wake analemba kuti munthu asasinthe n'kugawa popanda kumupempha. Ndinamulembera. Patapita masiku angapo anayankha mwaulemu kuti ayi. Anafotokoza kuti kale anthu ena anamwaza ntchito yake itasinthidwa, madandaulo onse n'kumabwera kwa iye. Sindibisa, zinandipweteka. Ndinaganiza kuti akanadziwa bwanji ndikanangouponya pa gulu lathu la WhatsApp? Koma misomali yonse ya pa phiko, litsiro la pansi pa injini, timalemba ting'onoting'ono ta pa zitseko, zonsezo anajambula ndi iyeyo, mwina kwa miyezi. Langa linali dzuwa lokha. Munthu akakubwereka khasu n'kunena kuti usalimire pamiyala, sufunsa ngati akukuona.

Anthu amenewa akatopa amachokadi. Mu 2023 opanga zaulere ambiri anachotsa ntchito zawo pa Flightsim.to, webusayiti yogawirapo zowonjezera za gemuyi, chifukwa chosagwirizana ndi malamulo okhudza ufulu wawo wofufuta mafayilo awo. Palibe amawalipira, choncho chimene ali nacho m'manja ndi mawu awo okha pa zimene anapanga. Ife amene sitingakwanitse kugula ndege ya madola ambiri ndi amene tingaluze kwambiri akasiya. Gulu lomweli la FlyByWire linatulutsanso ndege ina, A380X, mu 2024, yaulerenso. Ndikaiona ndimadzifunsa kuti ndi maola angati a anthu amene analowa mmenemo.

Ngati muli ndi kompyuta yokwanira, itengeni, koma kudzera pa installer yawo, kuti mukhale ndi mtundu woyenera ndiponso kuti mukapempha thandizo akuthandizeni mosavuta. Amene muli ndi kangachepe, a FlyByWire amalandira zopereka pa webusayiti ya Open Collective. Mphwanga ndinamuitana kunyumba, tinatsitsa limodzi usiku bandulo yotchipa itayamba, ndipo pano akuphunzira kutera pa Chileka. Utoto wanga wa dzuwa uja uli pa kompyuta yanga yokha. Ndayamba kujambula wina kuyambira pa ndege yoyera, ndipo ndafika pa injini yakumanzere.