Utsi wakuda wa ndege zakale: injini za dzulo ndi za lero

Mwezi watha ndinali pabwalo la ndege la Chingodzi ku Tete, tsidya lina la Zambezi, kudikira alamu anga ochokera ku Maputo. Ndege ina itanyamuka, agogo ena a ku Angónia amene tinakhala nawo pabenchi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanawe, za masiku ano sizifuka. Kale ndege ikamakwera inkasiya utsi ngati lole yolemedwa pachitunda cha ku Zóbuè." Ananena zoona, koma iwo ankaganiza kuti ndege zakalezo zinali zodwala kapena zinkamwa mafuta oipa. Ayi. Zinkafuka zili zatsopano, zitangochoka kufakitale.

Amene munakulira pa koloboyi mumva msanga. Mafuta a ndege, Jet A-1, ndi pachibale ndi palafini. Muthire palafini yemweyo mu koloboyi ndi mu nyali yagalasi. Koloboyi adetsa denga ndi mphuno zomwe, pamene nyali iyaka mwaukhondo chifukwa galasi limakokera mpweya wokwanira pamoto. Mukakweza chingwe mopitirira, nayonso nyali ifuka. Mafuta akachuluka mpweya n'kuchepa, otsalawo amasanduka mwaye.

Tiyambe ndi injini yakale ya JT8D, yopangidwa ndi kampani ya Pratt & Whitney. Inauluka koyamba pa Boeing 727 mu 1963, kenako pa Boeing 737-200, mtundu umene LAM, kampani ya ndege ya Mozambique, inauyendetsa kwa zaka zambiri m'dziko muno. Mkati mwake muli zitini 9 zoyakiramo moto, zozungulira ngati mphete. Mafuta ankalowa mwa kupopedwa mwamphamvu pakabowo kakang'ono, ndiye pakamwa pa kabowoko ankaunjikana asanasakanikirane bwino ndi mpweya. Ponyamuka woyendetsa amatsegula mphamvu pafupifupi yonse, kuli ngati kukweza chingwe cha nyali mpaka kumapeto. N'chifukwa chake utsi unkaoneka kwambiri pokwera.

Zisanabwere zimenezi kunali zina zofuka koposa. Boeing 707 yoyamba, imene inayamba kunyamula anthu mu 1958, inali ndi injini za JT3C zimene ankazithira madzi ponyamuka. Ife a ku Tete tikudziwa kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumadutsa madigiri 40. Mpweya wotentha chotero ndi wopepuka, ndipo injini imafooka nawo. Madziwo ankaziziritsa mkati kuti injini ilandire mafuta owonjezera n'kukankha mwamphamvu. Koma motowo sunkapsereza mafuta onse, choncho kumbuyo kunkatsala mizere inayi yakuda bii.

Tsopano za lero: injini ya CFM56 imene inaikidwa pa Boeing 737-300 kuyambira mu 1984, kapena CF34 ya pa Embraer 190. Ambiri amati sizifuka chifukwa cha chifani chachikulu cha kutsogolo kwa injini chija. Chifanicho chimathandizadi, chifukwa chimakankha mpweya wambiri kudutsa kunja kwa moto. Mu JT8D mpweya wodutsa kunja kwa moto ndi wofanana ndi wolowa m'moto, pamene mu CFM56 wakunjawo umaposa kasanu. Motero ndege imakankhidwa ndi mafuta ochepa, phokoso limatsika, ndipo kautsi kotsalako kamasungunuka mumpweya wambiri. Koma ine ndimati chimene chinathetsa utsi ndi chipinda cha moto. Anachisintha kukhala mphete imodzi, ndipo mafuta amamwazidwa ndi mpweya wothamanga asanayake. Umboni ulipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makampani a ndege ku America anasintha zitini za m'ma JT8D awo, fani osaikhudza, ndipo utsi unachepa kwambiri. Mu 1981 bungwe la ICAO, loyang'anira za ndege padziko lonse, linaika malire a utsi umene injini yatsopano ingatulutse.

Musaganizenso kuti ndege ya mapulopela ndiye yoyera nthawi zonse. Dash 8 Q400 imanyamuka popanda utsi wooneka, koma Antonov An-12 yonyamula katundu, ya mapulopela anayi, imafuka ngati ng'anjo ya njerwa. Zonse ziwiri zimatentha palafini yemweyo, kusiyana kwake ndi zaka zimene injini zake zinapangidwa.

Sindikufuna kunyoza zakale. Boeing 737-200 ndi yolimba, ndipo ikaikidwa zotchingira miyala imatera ngakhale pabwalo lopanda phula. N'chifukwa chake kumpoto kwa Canada anaisunga nthawi yaitali anzawo ataitaya. Injini zake n'zoonda, pakamwa pake n'pang'ono, pamene za ma 737 atsopano n'zotakata, zolendewera pafupi ndi nthaka, zosavuta kumeza timiyala. Koma 737-200 imamwa mafuta kwambiri, ndipo phokoso lake limadzutsa mwana wogona kumsana. Ndikaganizira mabanja okhala ku Matundo ndi m'mbali mwa msewu wa ku Moatize, amene kale akupuma fumbi la malasha, ine ndili kumbali ya zatsopano mosakayika.

Chimodzi chokha ndinawauza agogo aja, kuti kusaona utsi sikutanthauza kuti palibe chikutuluka. Injini yatsopano imatulutsabe mpweya wotenthetsa dziko ndiponso timwaye tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Iwo anandifunsa za mzere woyera umene adzukulu awo amauloza kumwamba ku Ulónguè. Umenewo si utsi. Palafini akayaka amatulutsanso nthunzi yamadzi, ndipo kutali kumwambako kumazizira kwambiri moti nthunziyo imaundana n'kukhala ngati mtambo. Ndisanamalize kufotokoza, alamu anga anatulukira pakhomo atanyamula chikwama.