Njinga yachitsulo ya m'ma 1970 itayenda miyezi pamsewu: zomwe zapirira ndi zomwe ndinachotsa

Njinga yakale imene ndinaikonza n'kuidzutsa tsopano yayenda mokwanira kuti ndinene za khalidwe lake. Ndi yampikisano, ya ku France, ya m'ma 1970: mahandulo opindikira pansi, magiya khumi, felemu ya mapaipi a Reynolds 531. Poimanga ndinkafuna kuti chilichonse chikhale cha nthawi yake, kuyambira chishalo mpaka nati. Yadutsa m'dzuwa ndi m'mvula, pa phula losalala ndi pa misewu yokumbika, ndipo pano ndaima apa: chida chakale chimene mungathe kuchimasula, kuchitsuka ndi kuchithira girizi, chisungeni. Chimene chimauma, kutha kapena kutopa chokha, makamaka choti chikathyoka mugwa nacho chafufumimba, musachimvere chisoni poti ndi chakale.

Felemu ndilibe nayo mawu. Kampani ya Reynolds ya ku Birmingham inayamba kupanga mapaipi a 531 mu 1935. Ndi chitsulo chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, ndipo mapaipi ake ndi okhuthala kumapeto kumene amalumikizana, opyapyala pakati, posakwana ndi milimita imodzi yomwe. Ndiye chifukwa chake njinga yonse imalemera makilogalamu 10 ndi kanthu chabe, ndipo pa mabampu manja sachita dzanzi. Sindinaipentenso. Penti wakale ndinangomutsuka, madontho a dzimbiri ndinawachotsa ndi oxalic acid wosungunula m'madzi, pamwamba n'kupaka polishi wa galimoto, mkati mwa mapaipi n'kuthiramo oyilo. Dzimbiri labwerera malo amodzi okha, pansi pa tizitsulo togwira waya wa buleki pa paipi ya pamwamba. Pamenepo ndi pomwe thukuta limadonthera, ndipo mchere wake umadya chitsulo kuposa mvula. Mukafika kunyumba pukutanipo.

Chimene chimalamulira moyo wa njinga ya ku France ya nthawi imeneyo ndi mazinga. Angerezi ankayeza ndi mainchesi, Afalansa ndi mamilimita, ndipo miyezo yawo imayandikana kwambiri moti chida cholakwika chimayamba kulowa bwinobwino, kenako chimadya mazinga. Bottom bracket, pomwe pamadutsa ekiselo ya makalanka, ndi mamilimita 35 kwa Afalansa, ndipo makapu onse awiri amamangira kumanja. Ya Angerezi ndi mainchesi 1.37, koma kapu ya mbali ya tcheni imamangira kumanzere. Sanachite izi mwamwayi. Munthu akamapalasa, mphamvu yodutsa m'timipira imakankha kapu pang'onopang'ono mbali yotsutsana ndi kumene ekiselo ikuzungulira. Kapu ya mazinga a kumanzere imangomangika nayo mphamvu imeneyo, pomwe ya mazinga a kumanja imamasuka. Yanga inayamba ndi kaphokoso ka ng'a ng'a phazi lamanja likatsika, kenako kalanka inayamba kugwedera. Ndinatsuka mazinga mpaka kuuma, ndinapaka mankhwala omatira mazinga, n'kumanga ndi sipanala yaitali ndi mphamvu zonse. Kuyambira pamenepo zii. Njinga za ku Italy, za mamilimita 36, zili ndi nthenda yomweyi. Chenjeraninso ndi za muyezo wa ku Switzerland: kukula kwake ndi 35 yemweyo, koma kapu ya mbali ya tcheni imamangira kumanzere, ndiye mukalimbana nayo ngati ya Chifalansa mudzakhala mukuimanga mukuyesa mukumasula.

Kusiyanaku kuli paliponse. Mapedulo a Chifalansa ali ndi mazinga a mamilimita 14, pomwe a masiku ano ndi 9/16 ya inchi. Mwayi wake, bowo la Chifalansa limacheperapo pang'ono, choncho mmisiri amatha kusemamo mazinga atsopano. Khosi la mahandulo ndi mamilimita 22.0, la njinga zina zambiri za nthawi imeneyo ndi 22.2. Chida chozulira kalanka cha masiku ano ndi cha mamilimita 22, cha makalanka a kampani ya TA ndi 23, cha makalanka akale a kampani ya Stronglight ndi 23.35. Cha TA chimalowa ndithu mu kalanka ya Stronglight, koma mukangochikoka chimatuluka ndi mazinga onse, kalanka n'kutsalira pa ekiselo. Kalanka yanga ndi Stronglight 93. Chida chake chenicheni ndinachigula ndisanagwire n'komwe sipanala, ndipo chandithandiza nthawi iliyonse imene ndatsegula pamenepo.

Mabering'i ndi amene andikondweretsa koposa. Zonse ndi timipira tachitsulo tongoyala pa girizi: 11 mbali iliyonse mu bottom bracket, ta kota ya inchi, 9 mbali iliyonse mu habu ya kumbuyo, 10 tating'onopo mu habu ya kutsogolo. Timipira ndinaika tatsopano, makapu ndi makoni, tizitsulo timene timipira timayendapo, ndi akale omwe aja. Mahabu akale alibe mphira yotchinga madzi, choncho mvula itatha ndinatsegula ya kumbuyo ndipo girizi ndinamupeza atasanduka wotuwa ngati phala la simenti. Koma njira ya timipira pa koni inali idakali yosalala, waliwali. Ndinatsuka, ndinathira girizi watsopano, wilo n'kumazunguliranso myaa. Bering'i yomata ya masiku ano ikalowa madzi chotere mumangoitaya. Iyi imafuna madzulo amodzi ndi masipanala awiri opyapyala. Pomanga makoni siyani kampata kakang'ono ndithu, chifukwa quick release, kaliva kaja komangira wilo pa felemu popanda sipanala, ikatsekedwa imapanikiza ekiselo ndipo kampatako kamatha. Mukamanga osasiya mpata wilo lili panja, likalowa pa felemu limakhala lothina, ndipo umu ndi mmene makoni ambiri akale anathera.

Mawilo amene inabwera nawo anali a matayala omatira pa limu ndi guluu, monga ankachitira a mpikisano. Amakoma kuyendera, koma tayala likaphulika pamsewu ndi ntchito, ndipo guluu wokalamba sindingamudalire pokhota pa mtsetse. Ndinawapachika. Mahabu akale ndinawaluka pa malimu atsopano a aluminiyamu ndi masipoko osachita dzimbiri. Chiwalukireni ndawongolako kamodzi kokha, atangoyamba kuyenda. Poti mafelemu a nthawi imeneyo anali ndi malo, matayala a mamilimita 28 analowa popanda kukhula, ndipo kufewa kumene anthu amayamikira pa njinga zachitsulo mbali ina kumachokera pamenepo. Amene muli ndi njinga ya mawilo a mainchesi 27, dziwani kuti limu yake ndi mamilimita 630 pomwe ya 700C, muyezo wofala masiku ano, ndi 622. Mukasintha, mphira za buleki ziyenera kutsika mamilimita 4, ndiye yezani kaye ngati mabuleki anu afika. Ndipo ngati malimu anu ndi achitsulo chonyezimira, achotseni. M'mvula buleki siigwira pa chitsulo chotero, ngakhale mufinye chotani.

Mabuleki ndi Mafac Racer, a ku Clermont-Ferrand, aja okoka waya pakati. Zitsulo zake zonse ndi zakale ndipo sizinandigwiritse mwala. Mphira, mawaya ndi timapaipi todutsa mawaya, zonsezo ndi zatsopano. Mphira ya zaka 50 imaoneka yabwino m'maso koma inauma kalekale, imangotsetsereka pa limu ikulira kwii. Mabulekiwa ali ndi ubwino woti mphira mumaipendeketsa mmene mufunira, ndiye mukaiika kuti mutu wake wa kutsogolo uyambe ndiwo kukhudza limu, kulira kumatha. Chimene sichisintha ndi zogwirira. Pa njinga zonse za nthawi imeneyo, dzanja likakhala pamwamba pa chogwirira silikhala ndi mphamvu yofinyira. Pa mtsetse muyenera kutsitsa manja pansi pa mahandulo, ndipo thupi limatenga nthawi kuti lizolowere kuchita zimenezi lisanaganize.

Pa magiya ndi pomwe ndinasiyana ndi lamulo la "zonse zikhale za kwawo". Derailleur, chida chosamutsa tcheni pa mano a kumbuyo, imene inabwera ndi njingayi inali ya thupi la pulasitiki, ndipo pulasitiki wa zaka zimenezo amakhala atauma. Inang'ambika pafupi ndi bawuti, ndipo pamenepo palibe chokonza. M'malo mwake ndinaika SunTour Cyclone GT ya ku Japan. Cyclone inatuluka mu 1975, choncho pa zaka ili m'nyengo yake, kungoti si ya Chifalansa. Mu 1964 Nobuo Ozaki wa ku SunTour anapendeketsa thupi la derailleur kuti kawilo ka pamwamba kazitsatira mano a filiwilo pa mtunda wofanana, pa giya yaing'ono ndi pa yaikulu pomwe. Makampani ena sanaloledwe kutengera mpaka 1984, ndipo chiletso chitatha ambiri anatengera. Mukayendera ndi pomwe mumamvetsa. Mukangosuntha kaliva pang'ono, tcheni chakwera kale. Derailleur ya ku Italy ya Campagnolo Nuovo Record ya mu 1967 ndi yokongola ndipo siifa, koma imafuna mukankhe kaliva mopitirira kenako mubweze pang'ono, komanso siikondwa ndi mano opitirira 26. Musanagule, yang'anani pomangira derailleur pa felemu yanu. Yanga ili ndi mazinga a mamilimita 10, koma mafelemu ambiri a ku France ali ndi pomangira pa kampani ya Simplex, popanda mazinga, ndipo pamafunika mmisiri kuti derailleur ina ikhalepo.

Magiya opanda manotsi, a timaliva ta pa paipi ya pansi, ndinazolowera msanga. Khutu ndi limene limakuuzani kuti tcheni chakhala bwino. Chovuta ndi kuchotsa dzanja pa mahandulo, kotero mumaphunzira kusintha giya chitunda chisanayambe osati muli pakati pake.

Zitunda nazo zinandisinthitsa mano. Kutsogolo kunali 52 ndi 42, kumbuyo 14 mpaka 24. Amenewo ndi magiya a anyamata a mpikisano, a miyendo ngati ya Bernard Thévenet amene anapambana Tour de France mu 1975 ndi 1977 pa njinga ya Peugeot. Ine ndinaika filiwilo ya 14 mpaka 28, ndipo poti Stronglight 93 imalola mano 38, ndinatsitsanso kutsogolo. A kalanka ya Campagnolo ya nthawi imeneyo alibe mwayi wotere, chifukwa mabawuti ake ali pa bwalo la mamilimita 144 m'mimba mwake ndipo nthawi zambiri satsika pa mano 42. Mpata wa wilo la kumbuyo ndi mamilimita 120, wa magiya asanu. Ena amatambasula felemu kufika 126 kuti alowetse asanu ndi limodzi, ine sindinaone chifukwa. Tcheni ndi chatsopano, cha njinga za magiya 8, ndipo chimakwera mano akale bwino kuposa tcheni cha nthawi yake.

Mwina wina anena kuti pamenepa njinga yasiya kukhala ya m'ma 1970. Ku L'Eroica, ulendo wa njinga zakale umene unayamba mu 1997 ku Gaiole in Chianti m'dziko la Italy, amafuna njinga ya mu 1987 kapena m'mbuyo mwake, timaliva tikhale pa paipi ya pansi, mapedulo akhale a malamba, mawaya a mabuleki adutse panja pamwamba pa mahandulo. Koma magiya a kumbuyo amalola kuti muwafewetse molingana ndi zitunda. Ngati eni mwambo akulola zimenezo, ine sindingadzipweteke mawondo.

Khosi la mahandulo ndi mahandulo omwe ndinasintha ndisanayambe maulendo ataliatali, ngakhale zinkaoneka zabwino. Katopedwe ka aluminiyamu n'kosiyana ndi ka chitsulo. Chitsulo chimapindika kaye, chimakuchenjezani, pomwe aluminiyamu amasunga ming'alu yosaoneka zaka ndi zaka, tsiku lina n'kungoti thyo. Khosi la 22.2 ndinalipala ndi sandipepala mpaka linalowa m'foloko, poti chochotsa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita kuzungulira. Makalanka ndinawasiya akale, koma ndikamatsuka njinga ndimawaunika ndi tochi mozungulira bowo la pedulo ndi pomwe mkono umakumana ndi nthambi zogwira mano. Paipi ya chishalo nayo ndi ya aluminiyamu yolowa m'chitsulo. Ziwirizi zikakumana ndi madzi zimamatirirana mpaka kufuna sowo, ndiye pakapita miyezi ingapo ndimaizula n'kuipaka girizi.

Chishalo chakale chachikopa chinandipirira milungu yochepa, kenako chinang'ambika pa misomali ya kutsogolo. Chikopa chikauma mpaka mkati, mafuta amangochifewetsa pamwamba, mphamvu sizibwerera. Ndinaika Brooks Professional chatsopano, chimene maonekedwe ake ndi omwe aja a kale. Masiku oyamba chinali gwa, pano chatenga thupi langa. Mafuta a chikopa a Proofide ndimapaka pang'ono kwambiri, nati ya pansi pa mphuno sindinaikhudze, ndipo poti njingayi ilibe madigadi, kukachita mitambo ndimachiveka pepala la pulasitiki kuti madzi a tayala asachinyowetse kunsi. Malamba a mapedulo nawonso ndi atsopano. M'tauni lamba wa phazi lotsikira ndimamusiya womasuka.

Ntchito yotsala ndi ya mabering'i a foloko. Mahandulo ayamba kukakamira pakati ndikanyamula wilo la kutsogolo, kusonyeza kuti timipira takumba timaenje pa kapu ya pansi. Mazinga ake ndi a Chifalansa, mamilimita 25, choncho si chinthu chongotola pa njinga iliyonse. Ndiyamba ndachotsa kakhola kogwira timipira n'kuyala timipira tokhatokha ta 5/32 ya inchi. Tikatero timachuluka ndipo sitigweranso m'timaenje takale. Zikakanika ndisintha kapu ya pansi yokha ndi mphete yake ya pa foloko, popeza zimenezo zilibe mazinga, bola muyezo wake ufanane.