MS-DIAL pa data ya DIA, ine ndayikonda

Amene mukupima madzi a m'mitsinje ndi LC-HRMS (mashini olekanitsa mankhwala a m'madzi nkuyeza kulemera kwake molondola kwambiri), makamaka anzanga tili kuno ku Joni, pulogalamu ya MS-DIAL, yowerenga data ya mashiniwa nkuzindikira mankhwala, ikhale pa kompyuta panu basi. Ndi yaulele, anayipanga a Hiroshi Tsugawa ndi anzawo ku RIKEN ku Japan, inatuluka mu 2015.

Nkhani yake ili apa. Ukamathamangitsa sampulo pa DDA (data-dependent acquisition), mashini amangosankha ma ion ochepa okha omwe ali amphamvu kwambiri, kaya 5 kaya 10, nkuwaphwanya, ena onse amadutsa osakhudzidwa. Koma zoipa zomwe timasakazo, monga nevirapine yemwe amachoka mthupi mwa anthu akumwa ma ARV nkudutsa ku sewage mpaka mumtsinje, zimakhala tochepetsetsa, ma nanogram pa lita, ndiye pa m/z 267.124, yomwe ndi nambala ya nevirapine, peak umayiona bwinobwino koma MS2 (spectrum ya zidutswa zake, ma fragment) palibe, mashini anali busy ndi zinyalala zina za m'madzimo. Zimawawa kwambiri chifukwa popanda ma fragment ulibe umboni.

DIA (data-independent acquisition) siyisankha, imaphwanya chilichonse, kaya ndi SWATH yophwanya m'magawomagawo, mawindo a 25 Da, kaya all-ion yophwanya onse pamodzi, koma spectrum imatuluka yosakanikirana ngati mpunga wothira mu mchenga, ndipo apa ndi pomwe MS-DIAL imagwira ntchito yake. Imayang'ana fragment iliyonse kuti ikukwera ndi kutsika nthawi imodzi ndi precursor (ion yomwe inaphwanyidwa) iti, nkuzilekanitsa, kenako umafananitsa ndi library ya ma spectra a mankhwala odziwika ngati MassBank. Chinanso chomwe ndimakondera DIA, mawa mukamva za mankhwala atsopano mumangobwerera ku fayilo yakale nkukasaka, osakatunganso madzi.

Zovuta zilipo ndithu. Mankhwala awiri akatuluka mu column nthawi yofanana ndendende, palibe pulogalamu ingawasiyanitse bwino, ndiye chromatography yanu ikhale yaukhondo. Mafayilo a DIA ndi akuluakulu, laputopu ya RAM yochepa imalira, ndipo MS-DIAL ya mabatani imafuna Windows. Ma parameter nawo ndi ambiri, poyamba mutu umazungulira, blank (sampulo yopanda kanthu yofananitsira) musayiwale kuyikamo.

Dzina likatuluka ndi score yokwera musathamangire kulemba kuti mwapeza. Pa ma level a Schymanski a 2014, omwe amasonyeza kuti mwatsimikiza bwanji dzina la mankhwala, pamenepo muli pa level 2, kuti mufike pa 1 mpaka mugule standard (mankhwala enieniwo osasakaniza), retention time (nthawi yotulukira mu column) ndi MS2 zigwirizane. Ine ndimathamangitsa DIA pa masampulo onse, DDA pa pooled sample (yosakaniza pang'onopang'ono kuchokera ku masampulo onse) kuti ndipeze ma spectra oyera, zonse nkulowetsa mu MS-DIAL.