Ndemanga: Sukulu ya pulayimale yotsata chiphunzitso cha a Quaker, Blantyre

Nyenyezi 4 mwa 5. Mwana wanga wamkazi wangomaliza sitandade 4 pa sukulu yoyima payokha imeneyi, ndipo ndikulembera makolo anzanga amene akusakira ana awo malo.

Ahedi ake anaphunzira kwa a Quaker ku Kenya. Mpingowu anauyambitsa George Fox ku England cha m'ma 1650, ndipo amaphunzitsa kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Ena mwa iwo amapembedza ali phee, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse ana amayamba akhala chete kanthawi asanatsegule makope. Ndodo palibe. Agogo ake a mwana wanga ankaopa kuti mwana wosalawa chikoti adzakhala wamwano, koma ayi ndithu. Amagwada popereka madzi, amalandira ndi manja awiri, wina akamalankhula amadikira kuti amalize. Chandikhudza mtima kwambiri n'choti moni amene amapereka kwa amlonda a pageti ndi yemweyo amapereka kwa ahedi.

Koma pagona mphamvu ya sukuluyi ndi pa zachilengedwe. Ife a mu Blantyre sitidzaiwala namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Aphunzitsi sawabisira ana zimenezi. Amawafotokozera kuti mizu ndiyo imagwira dothi, ndipo phiri likameteka chifukwa cha makala ndi nkhuni, madzi amatsika ndi ukali. Malo ambiri amadzala mitengo mu Disembala, kujambulitsa zithunzi, basi zathera pomwepo. Kuno mwana aliyense ali ndi mbande yake ya mbawa, ayithirire ndi kuiteteza ku mbuzi mpaka idutse dzuwa la Okutobala, ndipo pa lipoti la teremu amalemba ngati mtengowo uli moyo. Zimenezi ndiye ndimazitcha kuphunzitsa. Anapitanso nawo kumtsinje wa Mudi kukaona okha mapulasitiki atatseka madzi, moti masiku ano tikapita kumsika wa Limbe mwana wanga sandilola kulandira jumbo, amafuna tinyamule dengu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa fizi inakwera pakati pa chaka osatidziwitsa nthawi yabwino, zomwe zinatipweteka ambiri. Komanso madzi akasiya m'mipope, ana amauzidwa kubwera ndi zigubu zothirira kuchokera kunyumba, pomwe ena amayenda wapansi mtunda wautali. Akomiti aganizirepo zogula thanki yokolola madzi a mvula dzinja lisanafike.