Sharp Objects pa kanema: ena anatopa nalo, ena silikuwachoka m'maganizo

Sewero la pa kanema la Sharp Objects, limene kampani ya HBO ya ku America inalionetsa m'magawo 8 kuyambira pa 8 Julayi mpaka pa 26 Ogasiti 2018, ndi limodzi mwa masewero amene owonera sagwirizana chimodzi akayamba kulikambirana. Linachokera m'buku loyamba la Gillian Flynn, lomwe linatuluka mu 2006, kutatsala zaka 6 kuti mlembiyu atchuke ndi buku lina lotchedwa Gone Girl. Ine ndinayamba ndi bukulo, kenako seweroli ndalionera kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinakhala pamodzi ndi mchemwali wanga amene bukulo sanaliwerengepo. Ndikuchenjezeretu owerenga kuti sizingatheke kuliyeza mwachilungamo seweroli popanda kuulula mathero ake, choncho amene akufuna kudzionera yekha aime kaye pomwepa.

Camille Preaker ndi mtolankhani wa nyuzipepala ina ya mumzinda wa St. Louis, ngakhale kuti m'bukumo amagwira ntchito ku Chicago. Mkonzi wake, Frank Curry, akumutuma kumudzi kwawo ku Wind Gap, katauni kongopeka ka m'chigawo cha Missouri, kumene mtsikana wina, Ann Nash, anaphedwa ndipo wachiwiri, Natalie Keene, wasowa. Gawo loyamba lisanathe mtembo wa Natalie ukupezeka m'kanjira kapakati pa nyumba, mano atazulidwa. Camille akufikira m'nyumba ya mayi ake, Adora Crellin, mwini famu ya nkhumba imene tauni yonse imadyerapo, ndipo m'nyumbamo akupeza mng'ono wake wa bambo ena, Amma, amene amavala ngati kachidole pamaso pa mayi ake koma usiku n'kumayendayenda m'misewu pa nsapato za mateyala ndi anzake. M'nyumba yomweyo muli chipinda cha mng'ono wake wina, Marian, amene anamwalira ali mwana atadwala nthawi yaitali, ndipo chipindacho chimasungidwabe monga anachisiyira.

Dandaulo lalikulu la owonera ambiri linali lakuti seweroli likuyenda pang'onopang'ono mopitirira muyeso. Mchemwali wanga, titafika pagawo lachitatu, anandifunsa ngati apolisiwo akufufuzadi kapena angokhala, ndipo funso lakelo linali lomveka. Amene wazolowera masewero a zaupandu momwe sabata iliyonse pamatuluka umboni watsopano, apa adzaona mayi akuyendetsa galimoto yake yakale m'misewu yopanda anthu, akumwa mowa wobisa m'botolo la madzi, akumvera nyimbo za Led Zeppelin, thukuta lili kamukamu. Wapolisi wochokera ku Kansas City, Richard Willis, ndi mkulu wa apolisi wa m'taunimo, Bill Vickery, amangozungulira pa anthu awiri okha, bambo ake a Ann ndi mchimwene wake wa Natalie, ndipo sindikana kuti mbali imeneyi ndi yofooka. Koma ndikukhulupirira kuti amene anatopa ankadikira yankho la funso limene seweroli silikulabadira kwenikweni. Funso lake lenileni si lakuti anapha ana aja ndani, koma lakuti m'nyumba ya Adora munkachitika chiyani kwa zaka zonsezi, ndipo n'chifukwa chiyani anthu oyandikana nawo anakhala chete.

Chichewa chili ndi mawu awiri amene amafotokoza nkhani yonseyi bwino kuposa dzina lachipatala la Munchausen by proxy limene limatchulidwa m'seweromo. Mawuwo ndi kudwalitsa ndi kudwazika. Adora amadwalitsa ana ake n'cholinga choti awadwazike. Amawamwetsa mankhwala osakaniza ndi poizoni, kenako n'kukhala pamphepete pa bedi akuwapukuta pachipumi, akuwasisita tsitsi, tauni yonse ikumuyamikira kuti ndi mayi wachikondi amene wazunzika ndi matenda a ana. Marian anafa ndi chisamaliro chimenechi. Camille anapulumuka chifukwa anali mwana wokana mankhwala, ndipo mayi ake sanamukhululukire kukanako. Aliyense amene anagonapo pansi m'chipatala akudwazika m'bale wake amadziwa ulemu umene wodwazika matenda amalandira, ndipo adzamvetsa chifukwa chake zimene Adora amachita zimabaya mumtima chonchi. Patricia Clarkson, amene anasewera mbali imeneyi, sakweza mawu kawirikawiri. Amalankhula motsitsa, mwaulemu, akudzizula nsidze ndi zala zake akapanikizika, ndipo mphoto ya Golden Globe imene analandira mu 2019 inamuyeneradi.

Chithunzi chimene sichindichoka m'maganizo ndi cha mwamuna wake, Alan, amene amakhala m'chipinda chochezera atavala zomvera m'makutu, akumvera nyimbo pa makina ake odula, pamene m'chipinda chapamwamba mwana akusanza. Palibe amamufunsa kanthu, nayenso safunsa kanthu. Jackie, mnzake wakale wa Adora, anayesapo kufunsa za imfa ya Marian koma anagwa ulesi n'kutembenukira ku mowa. Kuchedwa kumene owonera ankadandaula nako ndi kumene kumatipatsa mpata woona anthu amenewa mmodzimmodzi, mpaka tizindikire kuti pafupifupi aliyense ankadziwako kanthu.

Chinthu china chimene chinagawa owonera ndi momwe wotsogolera seweroli, malemu Jean-Marc Vallée wa ku Canada, ankaonetsera zokumbukira za Camille. Sachenjeza kuti tsopano tikubwerera m'mbuyo. Kanthu kakang'ono, monga fani yozungulira kapena chitseko chotseguka, kamabweretsa chithunzi cha kamphindi chabe cha Camille ali wamng'ono, kapena cha Marian, kapena cha Alice, mtsikana amene anagona naye chipinda chimodzi ku chipatala cha amisala n'kudzipha komweko. Nthawi zina mawu amatulukira pa chikwangwani cha mumsewu kapena pa galimoto, n'kuzimiririka munthu asanawawerenge. Ena ankati zimenezi zikuwazunguza mutu, ndipo amene amaonera kanema foni ili m'manja sangatolepo kanthu. Kwa ine iyi ndi njira yanzeru imene opanga seweroli anapeza yoloweramo m'mutu mwa Camille, popeza m'buku ndi iyeyo amene amatisimbira zonse ndi pakamwa pake, pamene pa kanema palibe mawu ofotokoza. Chimene ndingadandaule ndi chakuti osewera ena amalankhula monong'ona kwambiri, moti popanda mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi zambiri zimadutsa osazimva.

Za zipsera za Camille, ndinali ndi mantha ndisanaonere kuti adzazisandutsa chionetsero. Mayiyu wakhala akudzicheka mawu pathupi pake kuyambira ali mtsikana, ndipo mutu wa gawo lililonse ndi limodzi mwa mawu amenewo. Amy Adams, amene anasewera mbali ya Camille, amavala zovala zakuda za manja aatali m'dziko lotentha, ndipo kwa nthawi yaitali timangoona chipsera apa ndi apo. M'gawo lachisanu Adora akupita ndi ana ake kusitolo ya zovala, ndipo Camille ali m'kachipinda koyesera, mayi ake akumuchotsera zovala zimene anabwera nazo kuti atuluke ndi diresi yoonetsa mikono. Camille akutsegula chitseko ali ndi zamkati zokha, thupi lonse lili mawu okhaokha, ndipo mayi ake, m'malo momumvera chisoni, akumuona ngati chinthu choonongeka. Atabwerera m'kachipindako akudzitseka pakamwa ndi nsalu n'kukuwa kuti wina asamve. Pamenepa mchemwali wanga, amene poyamba ankati watopa, anakhala duu osayankhula mpaka gawolo linatha. HBO inkaika uthenga kumapeto kwa magawo wouza anthu ovutika ndi kudzivulaza kapena mowa kumene angapeze thandizo, ndipo zinali zoyenera, chifukwa seweroli si loonera ndi ana kapena ndi munthu amene mabala otere akadali aawisi.

Mathero ndi amene anautsa mkangano waukulu. Adora akumangidwa apolisi atapeza m'nyumba mwake pulayazi imene inazulira mano a atsikana ophedwawo, ndipo aliyense akukhulupirira kuti ndi iye anapha atsikana aja. Camille akutenga Amma kupita naye ku St. Louis, kumene mwanayo akupeza mnzake watsopano dzina lake Mae. Tsiku lina mayi ake a Mae akubwera kudzafunsa kumene mwana wawo ali. Camille akusuzumira m'kanyumba ka zidole ka Amma, kamene ndi chifanizo cha nyumba ya Adora, n'kuona kuti pansi pa kachipinda kofanizira chipinda cha mayi awo, chomwe pansi pake panayalidwa minyanga ya njovu, payalidwa mano a anthu. Amma akutulukira pakhomo, akupempha kuti asawauze amayi, ndipo sewero likuthera pomwepo. Momwe Amma anaphera atsikanawo zimaoneka m'zithunzi zothamanga kwambiri pakati pa mayina a opanga seweroli, moti owonera ambiri amene anazimitsa kanema msanga sanazione n'komwe, ndipo anadzamva kwa anzawo mawa lake.

Amene sanawerenge bukulo ambiri anayamikira kudzidzimutsa kumeneko, ndipo mchemwali wanga anaimirira pampando manja ali kumutu. Ine ndili m'gulu la amene anatsala ndi kusakhutira. Sewero limene linadekha kwa maola asanu ndi awiri athunthu silinayenera kuthamanga pa mphindi imene inafunika kudekha koposa. Bukulo limatiuza chifukwa chake Amma anachita zimenezi: Adora anayamba kuonetsa chidwi pa Ann ndi Natalie, ndipo mwana amene anaphunzitsidwa kuti chikondi cha mayi chimagulidwa ndi kumwa poizoni sanathe kupirira kuti ena achilandire kwaulere. Pa kanema zimenezi zimangotsala zoti munthu adziganizire, ndipo pali ngozi yoti Amma aoneke ngati chilombo chobadwa nacho, pamene magawo onse am'mbuyo anatisonyeza kuti anachita kuumbidwa.

Chimene ndinachisowa kwambiri ndi masamba omaliza a bukulo, pamene Camille, atagweranso m'chizolowezi chake chakale, akutengedwa ndi Curry ndi mkazi wake Eileen kukakhala kwawo. Awiriwa akutsekera mipeni yonse, akumuphikira, akumugoneka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mayiyu akudwazikidwa ndi anthu amene sanamudwalitse.